Lipoti la ntchito: kukonza deki ya boti la chilimira ku Msaka isanamatidwe faiba

Ndine mmisiri wa maboti a matabwa, ndipo ntchito zanga zambiri ndimagwira m'madoko a ku Mangochi. Ndalemba lipotili chifukwa boti limene ndikufotokoza pano linali ndi matenda amene ndikuwaona kawirikawiri kuchokera pamene faiba (nsalu ya ulusi wa galasi yomatidwa ndi rezini, guluu wamadzimadzi amene amauma n'kulimba) inayamba kutchuka m'mbali mwa nyanja: deki yomatidwa bwino pamwamba, koma matabwa ake akuola pansi.

Boti ndi dandaulo la mwini wake

Botili ndi la mamita 8, lokokera khoka la chilimira logwirira usipa, ndipo limayenda ndi injini ya Yamaha ya kumbuyo. Thupi lake ndi nthiti zake ndi za mlombwa, zolimbabe. Lili ndi madeki awiri, ndiye kuti matabwa a pamwamba amene alovi, anthu okoka khoka, amaimapo. Ya kutsogolo ndi yotalika mamita 2.4, ndipo pansi pake amasungapo zingwe ndi mbali ya khoka. Ya kumbuyo ndi yaing'ono, pamene pamakhala woyendetsa ndi zigubu za petulo. Madeki onsewo anakhomedwa ndi paini wa mamilimita 22 ndi misomali wamba yachitsulo. Akale ntchito ngati imeneyi ankagwiritsira mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wosaola msanga, koma mkungudza unatha m'phirimo ndipo mlombwa wabwino ukusowanso. Paini ndiye amene amapezeka.

Tinalikweza pamtunda ku Msaka Loweruka pa 14 Seputembala 2024. Mwini wake, bambo wachikulire amene wakhala m'usodzi moyo wake wonse, anasankha dala masiku amenewo chifukwa mwezi unali kukawala wathunthu pa 18, ndipo mwezi ukamawala usipa sutsata nyali za siginala, munthu amene amaukopa ndi nyali ali pa bwato. Pempho lawo linali lachidule. Anati: "Amisiri, faiba yatukuka. Mungoipala, mumatepo ina, pofika pa 24 boti libwerere m'madzi."

Faibayo inali itangotha miyezi 14.

Zimene ndinapeza

Ndinayamba ndi kugogoda deki yonse ndi mpini wa tchizulo. Pamene faiba yagwira thabwa pamalira mouma, pamene yalekana nalo pamalira ngati ng'oma yoboola. Kuposa theka la deki ya kutsogolo linalira ngati ng'oma. Nditalowetsa tchizulo m'mphepete, faiba inasendeka ndi manja ngati khungwa la nthochi, ndipo kunsi kwake kunalibe ngakhale kachingwe kamodzi ka thabwa kokakamira. Chimenecho ndi chizindikiro chakuti sinagwirepo chiyambire. Pansi pake panali madzi akuda onunkha.

Amene anamata poyamba anagwiritsa ntchito rezini ya polyester. Rezini imeneyi ndi yabwino poumba boti la faiba yokhayokha, koma pa thabwa imagwira mofooka, ndipo ikamauma imafota pang'ono. Komabe sindikuimba mlandu rezini yokha, chifukwa ngakhale epoxy, rezini ya mtengo wokwera yogwira thabwa mwamphamvu, ikanasendeka pa deki imene ija. M'mipata ya matabwa munali phula lakale limene sanalichotse. Deki ya kumbuyo inali itamwa oyilo ndi petulo mpaka mkati. Ndinadula kachidutswa ndi sowo: utuchi wake unali wonona ndipo unkanunkha ngati galaja. Kutsogolo kunali mafuta a usipa ndi mamba ouma pansi pa faiba yeniyeniyo, kusonyeza kuti anangosesa n'kuthira rezini.

Kenako chinyezi. Ndinabwereka kachipangizo koyezera chinyezi ka mano awiri, ndipo matabwa a kutsogolo anaonetsa pakati pa 26 ndi 30 pa 100 alionse. Tizilombo ta nkhungu toolesa mtengo timayamba kugwira ntchito thabwa likamakhala nthawi yaitali pamwamba pa 20. Apa ndi pamene ife a ku nyanja ya Malawi tiyenera kusamala kuposa anzathu a ku Beira kapena Dar es Salaam. Mchere wa m'nyanja yaikulu umachedwetsa nkhungu imeneyi, pamene madzi athu alibe mchere ndipo ndi ofunda chaka chonse. Thabwa lonyowa likakhala poyera limauma dzuwa likatuluka. Ukalivundikira ndi faiba pamwamba, kunsi kwake n'kumaunjikako khoka lonyowa, walipangira mphika wovundikira.

Mwa matabwa 11 a kutsogolo, anayi anali ofewa moti msomali unkalowa ndi chala chachikulu chokha. Mtanda umodzi wonyamula deki unaola kumapeto kumene umakumana ndi nthiti. Pafupifupi msomali uliwonse unali ndi dzimbiri, ndipo thabwa lozungulira mutu wake linada n'kufumbutuka.

Kukambirana ndi mwini boti

Apa ndiye panali ntchito yovuta kuposa zonse. Ndinawauza kuti pa 24 sizitheka, ndipo kuti mdima wonse wa kumayambiriro kwa Okutobala uwadutsa. Boti la chilimira silidyetsa munthu mmodzi. Pali alovi, pali siginala, pali amayi ogula usipa n'kukayanika pa thandala. Ndinkadziwa chimene ndikuwapempha.

Anandifunsa ngati sitingaumitse ndi moto. Ndinakana. Moto umaumitsa khungu la thabwa lokha, mkati madzi ali momwemo, ndipo umasungunula phula kuti lilowerere kwambiri. Pa thabwa lomwa petulo, ndi ngozi yeniyeni. Ndinawapatsa njira ziwiri: tichotse faiba, tisinthe matabwa oola, tipake penti wamba, boti libwerere pa 24 ndipo azipakanso chaka ndi chaka, kapena adikire, timate bwino. Njira yoyambayo si yamanyazi ayi, ndipo deki ya penti imene imapuma imaposa kutali deki ya faiba yomatidwa pa thabwa lonyowa. Chimene ndinakana ndi kumatanso mkati mwa sabata imodzi.

Usiku umenewo ndinamata kachidutswa ka pulasitiki pa thabwa limodzi looneka louma, n'kutseka m'mbali monse ndi tepi. M'mawa dzuwa litangotentha ndinawaitana. Kunsi kwa pulasitiki kunali madontho a madzi. Anayang'ana kanthawi, kenako anati alovi awo akakwera nawo maboti a abale kufikira lawo litachira. Anagulitsa mbuzi zitatu kuti tigule epoxy, imene imachokera kunja ndipo mtengo wake unakwera kwambiri kwacha itagwa mu Novembala 2023.

Malo ogwirira ntchito

Chaka chimenecho nyanja inakwera kwambiri, mpaka madzi kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mbali mwa Mangochi, choncho gombe linali lopanikizana ndipo mchenga wa kufupi ndi madzi unali wonyowa kunsi. Tinalikankha botilo pa mitengo yogubuduza mpaka kumtunda, n'kulikhazika pa zipika kuti mphepo izidutsa pansi. Ndinaonetsetsanso kuti tili kutali ndi mathandala, ndipo kumene mphepo ikulowera kulibe usipa woyanika. Fumbi la faiba ndi galasi lopera. Limayabwa pakhungu, ndipo siliyenera kugwera pa chakudya cha anthu. Msaka ndi mudzi wa mkati mwa Lake Malawi National Park, kotero zidutswa zonse za faiba yakale ndi phula tinaziika m'matumba, osalola kuti zikokolokere m'madzi.

Pamwamba tinamanga tenti yotseguka mbali zonse, yokwera mita imodzi ndi theka kuchokera pa deki. Cholinga chinali mthunzi ndi mphepo. Dzuwa la Okutobala likamenya paini mwachindunji limamupinda n'kumung'amba. Panalinso vuto lina: pamene tikufuna deki iume, thupi la boti nalo limauma, mipata yake n'kutseguka. Ena amathira madzi m'boti kuti lisang'ambike, koma madziwo akanasanduka nthunzi yokwera kunsi kwa deki. Tinangotchinga m'mbali mwa thupi ndi mphasa zakale, n'kuvomereza kuti tidzafunika kutsekanso mipata ina tisanalibweze m'madzi.

Kuchotsa zakale

Faiba yotsala tinaichotsa ndi tchizulo ndi galainda, ine ndi mphwanga amene ndikumuphunzitsa ntchito, titavala zotchinga mphuno ndi maso. Deki ya kumbuyo sindinataye nayo nthawi. Thabwa limene lamwa oyilo mpaka mkati silitsukika. Ukapukuta ndi asetoni (mankhwala osungunula mafuta) lero limaoneka loyera, mawa dzuwa likatentha oyilo watulukanso. Tinaizula yonse.

Kutsogolo tinachotsa matabwa anayi oola ndi mtanda uja, ndipo podula mbali yoola ndinapitirira masentimita 10 kulowa m'thabwa looneka labwino, chifukwa nkhungu imayenda patsogolo pa pamene diso likuona. Mabowo a matabwa anayiwo tinawasiya osatseka masabata onse oumitsa, kuti mphepo izilowa kunsi. Matabwa asanu ndi awiri otsalawo tinawatsuka kamodzi kokha, tsiku loyamba, ndi madzi otentha, sopo waufa ndi bulashi yolimba, kuchotsa mafuta a nsomba, kenako kutsukuluza bwino. Kuchokera tsiku limenelo sitinatsukenso deki ndi madzi kufikira itamatidwa.

Misomali yonse yadzimbiri tinaizula. Imene inaduka mutu tinaiboolera m'mbali n'kuitulutsa. Msomali wadzimbiri ukausiya pansi pa faiba umapitiriza kutupa, ndipo tsiku lina umatukula faiba ngati chithupsa.

Kuumitsa

Apa panalibe luso, koma kudikira ndi kuyeza. Ndinkayeza malo asanu ndi limodzi omwewo masiku atatu alionse, m'mawa, ndikulowetsa mano a kachipangizo mkati ndithu komanso kuyeza kunsi kwa thabwa. Sabata yoyamba manambala anatsika msanga kufika cha m'ma 20. Sabata yachiwiri anayenda pang'onopang'ono, ndipo mwini boti ankabwera madzulo alionse kudzaima pambali osalankhula. Pa 9 Okutobala malo asanu anali pa 12 kapena kutsikirapo, pamene ndi pomwe epoxy imafuna. Malo a kumphuno kwenikweni kwa boti, kumene mphepo sifika bwino, anali pa 14. Ndinapitiriza ntchito ndi 14 ameneyo, ndipo ndibwereranso kwa iye kumapeto.

Amene alibe kachipangizo angathe kudula kachidutswa ka thabwa lomwelo, n'kumakayeza kulemera kwake pa sikelo ya m'sitolo masiku angapo alionse. Kakasiya kupepuka, ndiye kuti kauma monga mmene nyengo ingalolere.

Mipata, phula ndi ngodya

Mbali iyi ndi imene ndinakhalitsapo, chifukwa deki ya matabwa imang'ambikira m'mipata. Thabwa lililonse limafufuma ndi kufota m'lifupi mwake nyengo ikamasintha, ndipo faiba youma ikadutsa pamwamba pa mpata wopanda kanthu imathyoka motsata mzere umenewo.

Phula silichoka ndi thinala. Thinala amangolisungunula n'kulipaka pa thabwa lonse. Njira ndi kudula. Ndinakhoma kamtengo kowongoka kotsogolera sowo yamagetsi ya pa jenereta, n'kudula mpata uliwonse kuti ukhale wa mamilimita 8 m'lifupi ndi 12 kuya, kufikira mbali zonse ziwiri zitaonetsa thabwa loyera. Phula la pansi penipeni tinalikokola ndi chitsulo chopinda. M'ngalande zimenezo ndinamatamo timizere ta paini wouma, topalidwa kuti tilowe mosakakamiza, ndi epoxy yosakaniza ndi utuchi wosefa mpaka italimba ngati chiponde. Musanaike yolimbayo, pakani kaye epoxy yamadzimadzi m'mbali mwa ngalande, apo ayi thabwa louma limayamwa rezini yonse n'kusiya utuchi wokha.

Matabwa anayi atsopano anali a paini amene anakhala chaka chathunthu pa denga la shedi yanga. Ndinawapaka epoxy kunsi ndi kumapeto asanakhomedwe, chifukwa kumapeto kwa thabwa ndi kumene kumamwa madzi kwambiri. Tinamanga ndi masikuluu osachita dzimbiri, mitu yake yolowa mamilimita 3, n'kutseka pamwamba ndi chiponde chomwe chija. Kunsi kwa matabwa akale mphwanga analowa chagada n'kupaka kawiri pamene bulashi inafika.

Deki ya kumbuyo tinaika pulaiwudi ya mamilimita 12. Pulaiwudi ya maboti yeniyeni sinapezeke, ndiye ndinadula tizidutswa ta mitundu iwiri ya m'sitolo n'kutiwiritsa mumphika maola atatu. Mtundu umodzi unamasuka ngati masamba a buku, winawo unakhala chimodzimodzi, ndipo ndi umene tinagula. Tinaupaka mbali zonse ndi m'mphepete katatu tisanauike.

Nsalu ya faiba sipinda pa ngodya yakuthwa, imatukuka n'kusiya mphepo kunsi. Choncho m'mphepete monse ndinapala ndi pulena kuti mukhale mobulungira ngati chala, ndipo pamene deki ikumana ndi thupi la boti ndinadzaza ngodya ndi epoxy yolimba n'kusalaza ndi kumbuyo kwa supuni. Ndinaboolanso mabowo awiri olowetsa mphepo pa thabwa lotchinga kunsi kwa deki ya kutsogolo, ndi timabowo totulutsira madzi m'mbali, zonsezo zopakidwa mkati.

Kupala komaliza ndi mayeso awiri

Pa 14 Okutobala tinapala deki yonse ndi sandipepala ya nambala 60, kenako 80, n'kulekera pomwepo. Anthu ambiri amafuna thabwa losalala ngati tebulo, koma epoxy imafuna timikwingwirima togwirapo. Fumbi tinalichotsa ndi bulashi youma yatsopano, n'kupukuta ndi nsalu zoyera zonyowetsa asetoni, makamaka pa mfundo za paini pamene pamatuluka utomoni. Nsalu yochapidwa ndi sopo wonunkhira kapena yotengedwa ku injini siyenera kufika pamenepa.

Kuchokera pamenepo ndinazunguliza chingwe. Phazi la munthu wodzola mafuta kapena dzanja logwira nsomba ndi lokwanira kuwononga malo amene lakhudza, ndipo pa doko aliyense wodutsa amafuna kusisita thabwa kuti amve kusalala kwake. Mwini boti anakhala pampando pafupi n'kumabweza anthu yekha.

Mayeso oyamba ndi a dontho la madzi, pa malo ochepa okha: likayala n'kulowa, thabwa ndi loyera; likaima ngati mkanda, pali mafuta. Pa thabwa limodzi lakale dontho linaima, ndipo tinapala mozama mpaka linalowa. Mayeso achiwiri ndinali nditawayamba masiku awiri m'mbuyo: ndinamata tizidutswa titatu ta nsalu ya faiba m'malo amene ndinkawakayikira, n'kusiya kamchira kogwira. Nditakoka ndi pulayala, tonse titatu tinachoka ndi nyama ya thabwa. Ndinawaonetsa bambowo pambali pa chidutswa cha faiba yakale chosalala kunsi, ndipo anatenga zonse ziwiri kukaonetsa anzawo.

Kumata

Tinamata pa 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala, gombe lili phee. Sindinayambe m'mawa. Thabwa likamatenthedwa limatulutsa mpweya wa m'kati mwake, ndipo mpweyawo umaboola rezini n'kusiya timabowo ngati ta singano. Tinayamba cha m'ma 3 koloko masana kutentha kutayamba kutsika, nthawi imene thabwa limakokera rezini mkati. Epoxy yathu inali ya miyezo iwiri ya rezini pa muyezo umodzi wa hadena, mankhwala oumitsa rezini. Mlingo umenewu sasintha pofuna kufulumizitsa kapena kuchedwetsa, monga amachitira ndi polyester. Tinkasakaniza pang'onopang'ono, osapitirira kapu imodzi, n'kuthira m'mbale yotambalala, chifukwa m'kutentha kwa Okutobala epoxy yodzaza m'chitini imadzitenthetsa yokha n'kuuma isanafike pa thabwa. Tinayala nsalu yoluka, osati faiba ya ulusi womwazika ija, imene guluu wake amasungunuka bwino mu polyester yokha. Usiku sitinayatse nyali pafupi kuopa tizilombo touluka, ndipo tinatsitsa tenti kutchinga mame.

Tsiku lotsatira tinapakanso kawiri kudzaza maso a nsalu. Titadikira masiku anayi tinatsuka ndi madzi kuchotsa kamafuta konona kamene epoxy imatulutsa pouma, tinapala pang'ono, n'kupaka penti woyera, chifukwa epoxy yosapakidwa imaonongeka ndi dzuwa. Pa penti woyamba tinawaza mchenga wotsuka, wouma ndi wosefa, kuti alovi asamaterereke. Thupi la boti tinalitseka mipata isanu ndi thonje ndi phula. Linalowa m'madzi pa 24 Okutobala, litatha masiku 40 pamtunda, n'kukhala masiku awiri pa madzi osaya kuti matabwa afufume.

Mmene linalili mvula itatha

Ndinakaliona mu Epulo 2025. Deki ya kumbuyo inalira mouma paliponse, ngakhale pamene zigubu zimakhala. Kutsogolo, mizere yonse inali bwino kupatula umodzi wa kumphuno, pamene panali mng'alu wopyapyala ngati tsitsi wa masentimita 30. Ndi malo aja amene anali pa 14, amenenso bulashi ya mphwanga sinafike kunsi kwake. Ndinapezanso kuti alovi anatseka mabowo a mphepo ndi nsanza kuti mafunde asalowe, ndipo khoka lonyowa linkagona mmenemo usana wonse. Mbali ya vutoli ndi yanga: ndikanazula thabwa la kumphunolo, kuliumitsa padera ndi kulipaka mbali zonse, zimene zikanatenga masiku atatu okha. Pa boti lotsatira la mtundu umenewu ndidzaika pulaiwudi kutsogolo komwe, ngati mwini wake angakwanitse.

Mng'aluwo tinaupala masentimita 5 mbali iliyonse mwezi ukuwala, tinausiya masiku asanu pansi pa tenti, n'kumatapo nsalu ziwiri. Pa mabowo a mphepo ndinakhomapo tizivundikiro ta pulaiwudi toyang'ana pansi kuti madzi asalowe koma mpweya uzidutsa, ndipo bambowo anauza alovi awo pamaso panga kuti khoka lizituluka m'boti m'mawa uliwonse kukayanikidwa pa mchenga.